Chipolopolo Chimodzi cha Kopolo Shawa

"Chipolopolo chimodzi, malume. Chimodzi chokha basi. Mukadzamva mfuti yanga ikulira kachiwiri, mudzandivule nsapato za usilikali za Kingi izi, mundiveke mikanda m'chiuno, ndizikasinja pamtondo ndi amayi."

Anatero Bonifasi Shawa Lamulungu lina la mwezi wa Malichi mu 1947, anthu atangoweruka ku mapemphero, ali pakhonde pa a Yakobo Mbewe m'mudzi wina wa ku Chipangali. Pamiyendo pake panali mfuti ya filii-noti-filii imene anagula kwa mzungu wina wolima fodya, chilolezo chake n'kukatenga yekha ku Boma ku Fort Jameson atavala mamendulo ake onse awiri. Ankaisisita ngati mwana wodwala malungo. Ku nkhondo ya ku Bama anabwerako ndi mzere umodzi wokha pamkono, koma pofika kumudzi mzerewo unaswana, moti ena ankamutcha Kopolo, ena Sajeni, ndipo iye sankaona chifukwa chokonzera munthu pakamwa.

Nkhani inali ya njati. Njati yamphongo, nkhalamba yopirikitsidwa ndi anzake, inatsika kuchokera cha ku Lukusuzi n'kudzamanga mudzi m'mabango a padambo, kumunsi kwa munda wa aNambewe, apongozi ake a Bonifasi. Milungu itatu yathunthu inadya chimanga chawo ngati inathandiza nawo kupalira.

Koma chimene chinkamuyabwa Bonifasi sichinali chimanga. Iye anali Mngoni wa ku Mtenguleni, kumene mkazi amatsata mwamuna, koma mtima unamuponya kwa Achewa, kumene mwamuna amatsata mkazi. Anakwatira Dolika asanapite ku nkhondo, nalowa chikamwini. Anawoloka nyanja, anaona njovu zosenza mitengo ngati antchito, anabwerako wamoyo, n'kupeza kuti akadali mkamwini yemwe uja: wolima munda wa eni, wopatukira kutchire akaona apongozi akubwera m'njira. Katatu konse anapempha chitengwa kuti apite ndi mkazi wake kwawo. Katatu konse a Yakobo, mlongo wawo wa aNambewe ndiponso mwini mbumba, anayankha kuti, "Tione kaye."

Tsiku limenelo a Yakobo sananene kuti tione kaye. Anafwenkha fodya, nayetsemula, nati, "Chabwino, aKopolo. Njati ikagwa, tikangokolola mutenge Dolika ndi kamwana kanu Rozi muzipita ku Mtenguleni. Mphasa ndidzakunyamulirani ine. Ikapanda kugwa, mawu akuti chitengwa musawatchulenso pakhomo pano mpaka zaka zitatu. Tagwirizana?"

"Yambani kupinda mphasayo."

"Ndipinda. Tandionetsani kaye chimene mukufuna kuilasa nacho."

Bonifasi anasolola chipolopolo m'thumba, chonyezimira, chosongoka ngati munga wa nungu. Mkulu uja anachiika pachikhatho, nachiponya m'mwamba pang'ono, n'kuchiwakha.

"Wani-seveni-fo," anatero. "Chankhondo. Chopepuka ngati lonjezo la mnyamata."

A Yakobo kuwerenga sankadziwa, ngakhale dzina lawo ankadinda ndi chala. Koma zaka khumi ndi zinayi ananyamulira mfuti mzungu wina wosaka njovu ku Marambo, ndipo manambala a pamabokosi osonyeza kulemera kwa zipolopolo anawaloweza ngati Atate Athu. Tsopano maso anali atachita chifunga, n'chifukwa chake njati inkadya mwaufulu. Chikhatho chokha ndicho chinali chikadali sikelo.

"Mverani, aKopolo. Mfuti iliyonse ili ndi chakudya chake, ndipo nyama iliyonse ili ndi mlendo wake. Kamfuti ka tuu-tuu n'ka nkhanga, nyama ina ukailasa nako wangoitukwana. Chimfuti cha Matini, chija chomenya phewa ngati bulu, chimameza mtovu wonenepa ngati chala changa chachikuluchi. Sichithamanga, koma chikafika chafika. Fo-o-fo ya bwana wanga inkadya chipolopolo cha fo handiredi, ndipo njovu inkagwada ngati ili pa Misa. Yanuyi ndi mfuti yabwino, sindiinyoza, koma pa njati ndi mwana. Imafuna kuigwira padzanja. Mbawala kapena nguluwe, ipatseni chofewa kumutu, chija mtovu umaonekera. Chimatambasuka m'kati, nyama n'kugona pomwepo. Koma njati ayi."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi kachitini ka tiyi kadzimbiri. M'katimo, m'kansanza konona ndi mafuta a nsatsi, munagona zipolopolo zisanu zobulungira kumutu.

"Tuu-wani-faifi. Cholemera, chovala malaya achitsulo mpaka kumphuno. Ichi sichifunsa njira. Chimaboola chikopa, chimathyola fupa, n'kukapereka moni kumtima. Chimalowa mumfuti yanuyo bwinobwino. Tengani zonse zisanu."

Bonifasi anaseka mpaka mamendulo kugundana.

"Zipolopolo zanu zatengera eni ake, malume. Zadazi, zamimba, zobadwa nkhondo yoyamba ya Jeremani isanayambe. Ife ku Bama tinali ndi nzeru yathu. Umatenga tupa, n'kupala nsonga iyi mpaka mtovu utasuzumira. Polowa chimalowa ngati chala, potuluka ngati mbale."

A Yakobo anatembenuza chipolopolo chija, nachipapasa ndi chikhadabo.

"Taonani kumatako kwakeku. Mtovu uli pamtunda kale. Wochipanga anatseka kumutu, kumbuyo anasiya pululu. Inu mukatsegulanso kumutu mwapanga bango, lotseguka uku ndi uku. Tsiku lina mtovu udzathawa wokha, malaya ake n'kutsala pakhosi pa mfuti. Chotsatira chikadzawapeza m'menemo, mudzandiuza."

"Malume, mtundu wa mfuti uwu ndagona nawo zaka zisanu. Ndimaimasula ndi kuimanganso nditatsinzina. Ajapani amandidziwa."

"Ajapaniwo ankadzola matope mpaka kuuma ngati njerwa?"

"Ankadzola!"

"Ooo. Nanga nyanga anali nazo?"

Anthu a pakhonde anaseka, Bonifasi naye anaseka, koma chitini sanachikhudze.

Lolemba m'mawa anakhala kuseri kwa nkhokwe ndi tupa wobwereka kwa wokonza njinga. Anapala zipolopolo khumi, chimodzichimodzi, lilime litatuluka pambali ngati mwana wa sukulu wolemba pasileti. Lachiwiri anakumana ndi nguluwe m'munda wa mtedza. Mfuti inalira kamodzi, nguluwe n'kugwa chagada, chilonda chake choti nkhonya kulowa osakhudza m'mbali. Mudzi wonse unadya nyama. Bonifasi anatumiza mwendo wathunthu kwa a Yakobo ndi uthenga wakuti ngati mano avuta, tupa alipo. Mkulu uja anadya mwendowo, nabweza yankho lakuti nguluwe inali yokoma ndipo njati ikupereka moni.

Lachitatu masana Dolika anamupeza akupukuta mfuti. Anakhala pansi potero, nayamba kusadzula masamba a maungu osamuyang'ana.

"Bambo a Rozi."

"Ee."

"Ine miphika yopita nayo ku Mtenguleni ndasankha kale. Musaganize kuti chitengwachi mukuchifuna nokha. Ndatopa nako kuti tikakangana pang'ono, mawa lake mudzi wonse wadziwa amene anayamba."

"Ndiye bwanji?"

"Ndiye tengani ziwiri zokha za malume, muike m'thumba. Thumba silinena za mwini wake. Nditha kukatenga ine, ndinene kuti mwana akufuna choseweretsa."

Bonifasi anaika mfuti pansi. Apa sanaseke.

"Amake Rozi, ndikaipha ndi chipolopolo cha malume ako, njatiyo wapha ndani? Mpaka imvi adzakhala akunena kuti Mngoni uja anatenga mkazi ndi chipolopolo chopempha. Munda ndimalima wa amayi ako. Nyumba ili pamalo pa amayi ako. Ngakhale nkhuku zimene ndinagula ndi ndalama zanga za ku nkhondo, anthu amati nkhuku za kwa aNambewe. Chinthu chimodzi chokha pamudzi pano chimene ndimachidziwa kuposa onse ndi ichi. Ndikulowetsa ku Mtenguleni ndi dzanja langa, kapena ayi."

"Njati sidziwa zonsezo," anatero Dolika.

"Idzadziwa mawa."

Lachinayi dzuwa litangotuluka, mame akadali mbuu, Bonifasi anatsikira kudambo yekha. Tinene zoona, munthuyo mantha analibe, ndipo kuzemba ankakudziwa. Anatola fumbi la pachulu, naliwaza kuti aone kumene mphepo ikupita. Anazungulira mtunda wautali kuti fungo lake lipite kumudzi. Anapeza ndowe ikadali yofunda, mapazi aakulu ngati mbale zodyera, njira yothyoka m'mabango. Anavula nsapato za Kingi, nazipachika pakhosi. Kenaka anagona chamimba n'kuyamba kukwawa. Linthumbu linamupeza m'njira, linamuluma kuyambira m'khosi mpaka kumene munthu sakanda pagulu, koma sanagwedezeke. Mumtima ankangoti, lero ndi lero, mkazi wanga akagona ku Mtenguleni chaka chino.

Anaiona pa mapazi makumi anayi. Inaima cham'mbali pansi pa katsamba, ikubzikula, thupi lonse lili mbuu ndi matope ouma, nyanga zitakumana pamphumi ngati mtondo wovundikira. Mbalame ziwiri zinkaitola nkhupakupa pamsana. Bonifasi anagwada bondo limodzi monga anamuphunzitsira, nalunjika paphewa penipeni, natulutsa mpweya pang'ono, n'kukhethemula.

Mfuti inalira bwino, ndipo sanaphonye. Paphewa panafuka fumbi, chibuma cha matope chinagwa, mbalame zinauluka. Chipolopolo chopalidwa chija chinangophwanyikira pachikopa ndi pafupa ngati dzira loponyedwa pakhoma. Njati inasiya kubzikula. Inatembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana monga amayang'anira munthu wamkulu akadzutsidwa ndi ana.

Apo Bonifasi anaiwala za mikanda ndi mtondo. Anakoka chachiwiri. Mfuti sinalire ngati mfuti, inangoti fyuu, ngati munthu wotsegula chipanda cha mowa wosasa. Khutu lake linamva kuti china chalakwika, ndipo kukanakhala pabwalo la asilikali akanaima n'kusuzumira mumpope. Koma njati inali itatsitsa mutu, mabango akugwa uku ndi uku, nthaka ikunjenjemera. Anakoka chachitatu.

Chimene chinamveka pamenepo anthu anachimva mpaka kumudzi. Mpope wa mfuti unang'ambika chapakati n'kuyasama ngati nthochi yosendedwa. Utsi unamumenya kumaso, nsidze zinapserera, dzanja lamanzere linachita dzanzi. Anaiponya pansi. Ndipo Kopolo Shawa, amene Ajapani ankamudziwa, anaonetsa njati kuphazi.

Anathamanga chokwera, kulunjika kumunda, chifukwa kudambo kunalibe mtengo woposa mpini wa khasu. Anadutsa m'chimanga, mapesi akumukwapula, kumbuyo kukumveka mpweya ngati mvukuto wa wosula. Pakati pa munda panali mtengo wa muwanga, ndipo pamphanda pake panali nsanja yolindira anyani. Makwerero sanawaone n'komwe. Anakumbatira thunthu, nakwera ngati buluzi, n'kudzigwetsa pansanja chafufumimba, nthawi yomweyo nyanga inagunda mtengo mpaka masamba kuyoyoka.

Atatukula mutu, anaona mapazi. Mapazi aang'ono, ong'aluka zidendene, chala chimodzi chopindika. Anakweza maso pang'ono, naona nsalu yabiriwita. Anakwezanso.

Anali apongozi.

ANambewe anali atauzidwa kuti tsiku limenelo asapite kumunda. Iwo anayankha kuti anyani sanauzidwe, nalawirira ndi chitini chawo chogogoda ndi chikho cha thobwa. Tsopano zaka zisanu ndi ziwiri za ulemu zinathera pamenepo. Zaka zisanu ndi ziwiri akuthawana m'njira, akulankhulana kudzera mwa Dolika, Bonifasi osadziwa n'komwe kuti apongozi ake ali ndi mpata kumano. Lero mphuno yake inali pafupi ndi bondo lawo, pansanja yaikulu ngati chitseko, kabudula atang'ambika kumbuyo kuyambira m'chiuno mpaka kumwendo.

Mayi aja anakoka nsalu, nafunda kumutu, natembenukira kum'mawa. Bonifasi anakhala tsonga msangamsanga kuti abise pong'ambika, natembenukira kumadzulo. Misana inagundana. Aliyense anasendera kutsogolo, nsanja inalira, aliyense anabwereranso. Panalibe kochitira.

Pansi njati inagwira ntchito yake mosafulumira. Inagunda muwanga kawiri, inaona kuti muwanga ndi muwanga, n'kutembenukira chimanga. Chimene inkadya pang'onopang'ono milungu itatu, tsopano inachipondaponda ndi mkwiyo. Inazungulira mtengo, mzere ndi mzere, ikugwetsa mapesi, ikubaya maungu, ikukumba nthaka ndi nyanga. Paphewa pake pankatsika kamagazi kochepa, koti ngakhale ntchentche zinkakanganirana.

Dzuwa linakwera. Linthumbu lotsalira m'malaya linayambiranso ntchito, koma munthu angakande bwanji msana uli pa msana wa apongozi? Bonifasi analuma mlomo. Anaganiza zotsika kuti njati ingomaliza zonse, koma atayang'ana pansi anaona kuti maganizowo angathe kudikira.

Patapita nthawi, aNambewe anatsokomola. Mwambo sunawalole kulankhula ndi mkamwini, choncho analankhula ndi mtengo.

"Iwe muwanga."

Muwanga sunayankhe.

"Iwe muwanga, makutu angawa akalamba. Ndinamva kuti kulira kamodzi. Koma ine ndawerenga katatu. Kapena enawo anali mabingu?"

Bonifasi anatukula maso. Anayang'ana nthambi imene inali patsogolo pake, nayankha nthambiyo mwaulemu wonse.

"Muwanga, uwauze kuti kunali katatu."

"Ooo. Nanga mfuti ija yochokera ku Boma ili kuti, muwanga? Pano sindikuimva fungo."

"Uwauze kuti yatsala kudambo. Yadwala."

"Pepa, muwanga. Matenda sasankha."

Njati inafika pa ngodya ya mapira n'kuyamba kuwagoneka. Kenaka Bonifasi anamva kanthu kakumugunda pachigongono. Chinali chikho cha thobwa, chikukankhidwa chambuyo ndi dzanja losayang'ana.

"Muwanga, ngati pali wina wouma kukhosi pamtengo pano, amwe. Asiyeko pang'ono."

Anamwa. Anali asanamwepo thobwa lowawa chotero chibadwire chake, ngakhale linali lotsekemera bwino.

Dzuwa litafika paliwombo, kumtunda kunamveka zitini, agalu ndi mfuu. Mudzi wonse unkabwera, amuna ndi mikondo, a Yakobo akutsogozedwa ndi ndodo yawo, Dolika patsogolo pa onse mwana ali kumbuyo. Njati inaimika mutu, inamvetsera, inaona kuti phokoso lachuluka ndipo chimanga choimirira chatha. Inagwedeza makutu, n'kutsika kudambo pang'onopang'ono, osatsimphina ngakhale mwendo umodzi.

Anthu anafika pansi pa muwanga, nayang'ana m'mwamba. Anaona mkamwini ndi apongozi ake atatsamirana misana ngati mapasa, wina atafunda kumutu, wina alibe nsidze, nsapato za Kingi zikulendewera pakhosi, chikho chili m'manja. Palibe anaseka. Ena analuma nsalu, ena anayamba kuyang'anitsitsa mitambo. Dolika anayang'ana mwamuna wake, anaona kuti ndi wamoyo, anayang'ana munda, n'kukhala pansi pa mzere, manja kumutu.

ANambewe anakonza nsalu yawo, nayang'ana phiri la mapesi othyoka kuchokera kumpoto mpaka kumwera, nalankhula mokweza kuti ndi apansi omwe amve.

"Iwe muwanga, uwauze alendo a ku Bama kuti atsike ndiwo poyamba, ine nditsinzina. Uwauzenso kuti mbeu ya mbatata ili kudimba. Mizere iyambe mawa chinyezi chisanathe, chifukwa chaka chino ndi chamawa ndi chinacho tikhala tonse."

Bonifasi anatsika chambuyo, dzanja limodzi pamtengo, lina pakabudula. Munthu wogona ndi mfuti zaka zisanu, woimasula ndi kuimanga atatsinzina, inamuphulikira m'manja pa tsiku limodzi lokha limene ankaifunitsitsa. Paja akuluakulu anati chule anadabwa m'madzi muli mwake.